Mmene Angelezi Analimbanirana ndi Uchidakwa ndi Milandu Yake

Chaka changa choyamba cha uphunzitsi ndinali ndi mnyamata wina mu Sitandade 5 amene ankaposa anzake onse pa masamu. Tsiku lina Lolemba sanabwere kusukulu, ndipo pamene ndinafunsa anzake za iye, iwo anangoyang'anana osayankha. Madzulo ake ndinamva kuti atate ake, pochokera kokamwa kachasu Loweruka usiku, anatema amayi ake ndi chikwanje pamkono, apolisi nawatenga. Bamboyo anagwira ukaidi miyezi 9. Atatuluka, mwezi usanathe n'komwe, anabwerera pamalo pomwe paja ankamwera, kwa anzake omwe aja, ndipo mnyamata uja analeka sukulu kuti azikhala pakhomo kulondera amayi ake. Kuyambira pamenepo funso ili silinandichoke mumtima: kodi munthu amene wapweteka mnzake ali woledzera timutani kuti asadzabwerezenso?

Funso limeneli si lathu lokha, ndiponso si la lero. Angelezi analimbana nalo zaka zoposa 200, ndipo popeza iwo ankasunga zolemba za m'mabwalo a milandu ndi za m'Nyumba ya Malamulo, tingathe kulondola bwino zimene anayesa. Malamulo athu a milandu anachokeranso kwa iwo, kotero kuti mbiri yawo pa nkhani iyi ndi muzu wa zambiri zimene mabwalo athu amachita. Iwo anayesa kuletsa mowa ndi lamulo. Anayesa kutsekera zidakwa m'nyumba zapadera. Anayesanso kupatsa wolakwayo munthu woyenda naye. Tiyeni tione, inu aphunzitsi a mawa, kumene njira iliyonse inawafikitsa.

Jini alowa mu London

Kufikira zaka za m'ma 1680 chakumwa cha anthu wamba ku England chinali mowa wofulula ndi chimera cha barele, mowa umene munthu amayamba wakhuta asanaledzere kwenikweni. Zinthu zinasintha mu 1689 pamene William wa ku Holland analowa ufumu wa England nayamba kumenyana ndi France. Boma linatseka malonda a mowa waukali wochokera ku France, ndipo mu 1690 linapereka ufulu kwa aliyense wofuna kutcheza mowa ndi mbewu za m'dziko momwemo, msonkho wake nukhala wochepa. Eni minda ikuluikulu, amene ambiri a iwo anali aphungu a Nyumba ya Malamulo, anakondwera nalo lamuloli chifukwa linawapezera msika wa tirigu ndi barele wawo. Mowa wotchezawo ankaununkhiritsa ndi tizipatso ta mtengo wotchedwa juniper, ndipo dzina lake linali jini. Tinganene kuti ameneyu anali kachasu wa Angelezi, pakuti katchezedwe kake ndi ukali wake n'zofanana ndithu.

Cha m'ma 1730 mu London munali anthu oposa 600,000. Ambiri a iwo anali obwera, anyamata ndi atsikana ochokera kumidzi kudzafuna ntchito, okhala kutali ndi makolo, opanda mkulu wowadzudzula. Ankagona mothithikana m'zipinda zozizira, ndipo makobiri owerengeka ankagula jini wokwanira kuiwalitsa njala ndi chisanu. Jiniyo sankagulitsidwa m'nyumba za mowa zokha iyayi. Ankapezeka m'tisitolo ta mchere ndi makandulo, kwa ometa tsitsi, pa ngolo zokankha m'misewu, ngakhale m'kati mwa ndende momwe. Mu 1736 oweruza a chigawo cha Middlesex, chimene chinali ndi mbali yaikulu ya London, anawerenga malo ogulitsa jini oposa 7,000. Pofika 1743 mowa wotcheza umene boma linaulemba m'mabuku a msonkho unapitirira magaloni 8 miliyoni pa chaka.

Mlandu umene unadzidzimutsa anthu koposa unali wa Judith Defour mu 1734. Mayi ameneyu, amene ankagwira ntchito yopota ulusi wa silika, anali ndi mwana wamkazi wa zaka ziwiri amene ankasungidwa ku nyumba ya amphawi ku Bethnal Green. Anakatenga mwanayo monga ngati akukacheza naye, ndipo pamodzi ndi mkazi mnzake anapita naye kuthengo, namuvula zovala zatsopano zimene anapatsidwa kunyumbako, namumanga kansalu pakhosi kuti asalire, namusiya m'ngalande. Mwanayo anafa. Zovalazo anazigulitsa sheleni imodzi ndi makobiri 4, ndalamayo nakagulira jini. Pa mlandu wake ku bwalo la Old Bailey amayi ake omubala anachitira umboni kuti mwana wawoyo mutu wake sunali bwino chiyambire, koma bwalo silinasamale zimenezo, ndipo ananyongedwa ku Tyburn chaka chomwecho. Mlandu woopsa chotere unali wapatalipatali, n'chifukwa chake unatchuka. Milandu ya masiku onse inali ya ndewu, kuba kuti apeze yogulira mowa, ndi kutaya ana osawasamala.

Lamulo loletsa ndi zipatso zake

Mu 1736 Nyumba ya Malamulo inaganiza zothetseratu malondawa. Inalamula kuti wogulitsa jini pang'onopang'ono agule chiphaso cha mapaundi 50 pa chaka, ndalama yoposa malipiro a chaka chathunthu a wantchito wamba, ndiponso alipire masheleni 20 pa galoni iliyonse. Mabuku ambiri a mbiri amanena kuti ziphaso zimene zinagulidwa zinali ziwiri zokha. Malonda sanathe, anangolowa m'chibisira. Ena ankagulitsa jini m'timabotolo ta mankhwala namati ndi mankhwala a m'mimba. Munthu wina, Dudley Bradstreet, analemba yekha m'buku la moyo wake kuti anakhoma chifanizo cha mphaka pawindo la nyumba. Wogula ankaika makobiri m'kamwa mwa mphakayo, jini natuluka pa kapaipi kamene kanali pansi pa phazi lake, wogulitsa osaoneka nkhope.

Popeza nthawi imeneyo kunalibe apolisi monga tiwadziwira lero, boma linadalira akazitape. Wogulitsa akagwidwa ankalipa mapaundi 10, ndipo theka la ndalamayo linkapita kwa womunenera. Tsono panabuka anthu amene kunenera anzawo inali ntchito yawo yodyera, ena a iwo nkumanamizira ndi osalakwa omwe. Anthu a m'makwalala anayamba kuwasaka akazitapewo, kuwaponya miyala ndi matope, kuwaviika mu mtsinje wa Thames, ndipo ena anafa nako kumenyedwako. Mu 1738 panafunika lamulo linanso loti womenya kazitape athamangitsidwe m'dzikomo zaka 7. Onani tsono: lamulo limene linabwera kudzachepetsa chiwawa linabala chiwawa cha mtundu wina, ndipo linaphunzitsa anthu osauka kuona woweruza ngati mdani wawo. Mu 1743 boma linagonja nilichotsa lamulolo, ndipo chaka chimenecho ndicho chimene jini anamwedwa kwambiri kuposa zaka zonse.

Nkhaniyi inadzukanso mu 1751. Henry Fielding, wolemba mabuku amene analinso woweruza ku Bow Street, anasindikiza kabuku kofufuza chifukwa chimene achifwamba anachulukira mu London, ndipo anatchula jini ngati chimodzi cha zifukwa zazikulu. Mnzake William Hogarth anajambula zithunzi ziwiri zimene zikali zotchuka mpaka lero. Pa chithunzi cha Gin Lane pali mayi woledzera amene mwana akumupulumuka m'manja kugwera pansi pa masitepe, kalipentala akupinyolitsa sowo yake, ndi nyumba zikugumuka. Amene zinthu zikuwayendera ndi wapinyolo, wotcheza jini ndi wokhoma mabokosi a maliro. Pa chithunzi cha Beer Street anthu akumwa mowa wofulula ali onenepa ndi akhama pa ntchito. Hogarth sankadana ndi mowa wonse, ankadana ndi mowa waukali wotchipa. Koma olemba mbiri a masiku ano amatikumbutsa chinthu china: nkhondo itatha mu 1748 asilikali ndi amalinyero zikwi zambiri anachotsedwa ntchito nadzaza London opanda chochita. Motero jini sanali yekha pa mlandu wa uchifwamba umene Fielding ankadandaula nawo.

Lamulo la 1751 linali lofatsa koma lanzeru. Linakweza msonkho pang'ono, linaletsa otcheza kugulitsa jini kwa anthu opanda chiphaso, linalola chiphaso kwa eni nyumba zodziwika bwino okha, linachotsa mowa waukali m'ndende ndi m'nyumba za amphawi, ndiponso linati ngongole ya mowa yosakwana masheleni 20 singasumiridwe ku bwalo, kotero kuti ogulitsa analeka kukongoza. Ili linali lamulo limene anthu akanatha kulisunga, ndipo kumwa kunayamba kutsika. Mbewu zitakanika, boma linaimitsa kutcheza ndi tirigu ndi barele kuyambira 1757 mpaka 1760, jini nakwera mtengo, ndipo mliri uja unazilala.

Tchimo, mlandu kapena nthenda?

Malamulo onsewa ankayang'ana pa botolo. Za munthu womwayo anangoti akalakwa alangidwe. Oweruza a ku England kuyambira kale ankati kuledzera si chifukwa chokanira mlandu, pakuti munthu amadziledzeretsa yekha. Bwalo lawo lalikulu linalongosola mu 1920, pa mlandu wa Beard, kuti kuledzera kungaganiziridwe pokhapo pamene kunamulepheretsa munthuyo kukhala ndi cholinga chimene mlandu wakewo umafuna, monga cholinga chakupha. Ndipo mu 1976, pa mlandu wa Majewski, linatsimikiza kuti womenya anthu sangapulumuke ponena kuti sankadziwa chimene ankachita. Malamulo athu a milandu amayendanso m'mapazi omwewo. Mfundo imeneyi ndi yolungama, chifukwa mayi wotemedwa ndi woledzera amamva ululu chimodzimodzi ndi wotemedwa ndi wosamwa.

Komabe madokotala anayamba kuona mbali ina. Mu 1804 Thomas Trotter, amene anali dokotala wa asilikali a pamadzi, analemba kuti chizolowezi cha kuledzera ndi nthenda ya maganizo yofunika kuchizidwa. Mu 1849 Magnus Huss wa ku Sweden anaipatsa nthendayo dzina limene madokotala analigwiritsa ntchito zaka zambiri. Zimene zinkachitika m'mabwalo zinkawavomereza. M'zaka za m'ma 1870 milandu ya kuledzera ku England ndi Wales inkafika pafupifupi 200,000 pa chaka, ndipo chilango chake chinali chindapusa, kapena masiku 7, kapena 14, kapena mwezi m'ndende. Nkhope zomwezomwezo zinkabwera mwezi ndi mwezi. Mayi wina wa mu London, Jane Cakebread, anaonekera m'mabwalo koposa ka 270 asanamwalire m'chipatala cha amisala cha Claybury mu 1898. Ndende inkamulandira, nkumusambitsa, nkumudyetsa, nkumubweza pamsewu monga momwe anabwerera.

Amene ankasauka kwambiri anali akazi a zidakwa. Mu 1878 Frances Power Cobbe analemba nkhani yoonetsa mmene amuna ankazunzira akazi awo, natchula mowa pakati pa zoyambitsa zake. Chaka chomwecho panakhazikitsidwa lamulo lopatsa woweruza mphamvu yolekanitsa mkazi ndi mwamuna amene wapezeka wolakwa pomuvulaza koopsa. Lamuloli linapulumutsa akazi ena, koma mwamunayo linamusiya ndi chibaba chake.

Nyumba zokonzeramo zidakwa

Dokotala wina amene analinso phungu, Donald Dalrymple, anatsogolera komiti ya Nyumba ya Malamulo mu 1872 yofufuza za zidakwa zosaleka. Zotsatira zake zinali lamulo la 1879, limene linalola kutsegula nyumba zopumuliramo zidakwa. Koma munthu ankalowamo mwa kufuna kwake ndi kudzilipirira yekha, motero linathandiza olemera okha. Lamulo lamphamvu linadza mu 1898, lotchedwa Inebriates Act. Linati chidakwa chimene chapalamula mlandu waukulu chifukwa cha mowa, kapena chimene chapezeka cholakwa pa kuledzera kanayi m'miyezi 12, chingatumizidwe ku nyumba yokonzera anthu kufikira zaka zitatu. Makhonsolo ndi mabungwe achifundo anatsegula nyumba zotere, monga Farmfield ku Surrey, Brentry pafupi ndi Bristol ndi Langho ku Lancashire, ndipo boma linapatula mbali ya ndende za Aylesbury ndi Warwick kuti zikhale za ovuta kwambiri. Nyumba zambiri zinali kumidzi, kutali ndi mowa, ndipo okhalamo ankachapa, kusoka, kulima ndi kupemphera.

Ganizoli linaoneka labwino, koma pofika 1921 nyumba zonsezo zinali zitaleka ntchito imeneyi. Zifukwa zake n'zofunika kuzisunga. Choyamba, anthu amene anatumizidwako sanali amene ankachita chiwawa chambiri. Ngakhale amuna ndiwo ankachuluka pa milandu ya kuledzera ndi ya ndewu, pafupifupi anayi mwa asanu alionse otsekeredwa anali akazi, ambiri a iwo amphawi a m'misewu kapena amayi oimbidwa mlandu wosasamala ana. Oweruza ankazengereza kuchotsa bambo pakhomo zaka zitatu poopa kuti banja lake lidzakhala katundu wa boma. Chachiwiri, anthu ankatumizidwako mochedwa, atamwa zaka zambiri thupi ndi mutu zitaonongeka kale. Chachitatu, kunalibe chithandizo chenicheni koposa kumutalikitsa munthuyo ndi botolo. Chachinayi, ndipo ichi ndicho chachikulu, tsiku lotuluka munthu ankabwerera ku msewu womwe uja, wopanda ntchito, wopanda nyumba, anzake omwera nawo akumudikira. Pamwamba pa izi boma ndi makhonsolo ankakankhirana za amene ayenera kulipira.

Ambiri atabwerera ku mowa, woyang'anira nyumbazi, Dr R. W. Branthwaite, ananena m'malipoti ake kuti oposa theka la okhalamo anali operewera nzeru chibadwire, ndipo sangakonzeke. Apa pali phunziro kwa ife aphunzitsi: njira yathu ikalephera, n'kwapafupi kunena kuti wophunzirayo ndiye mbuli, kusiyana ndi kufunsa ngati njirayo inali yoyenera.

Wosoka nsapato ndi masheleni asanu

Tsono tibwerere m'mbuyo pang'ono, pakuti pamene akuluakulu ankakangana za malamulo, njira yachitatu inali kumera mwakachetechete, ndipo inayambira kutsidya la nyanja, ku America. Mu 1841 mu mzinda wa Boston munali wosoka nsapato dzina lake John Augustus, wa m'gulu la anthu olimbikitsa kuleka mowa. Tsiku lina ali m'bwalo la milandu anaona munthu wausiwa akuimbidwa mlandu wa uchidakwa. Atalankhula naye, anapempha woweruza kuti amuimire pa belo ndi kumutenga. Woweruza analola kuti abwere naye patapita masabata atatu. Munthuyo anabwera ali wosamwa ndi wooneka bwino, ndipo m'malo mwa ndende analipitsidwa senti imodzi pamodzi ndi ndalama za bwalo. Kufikira imfa yake mu 1859 Augustus anaimira anthu pafupifupi 2,000, amuna, akazi ndi ana, kuwapezera ntchito ndi pogona ndi kuwayendera. Tinene zoona kuti iye ankasankha anthu amene ankawaona kuti angasinthe, motero sitingati njira yake ikanachiza aliyense. Komabe chigawo cha Massachusetts chinaiona kuti ndi yaphindu, nichiika m'lamulo mu 1878.

Ku England chiyambi chake chinali chofanana. Mu 1876 wosindikiza mabuku wa ku Hertford, Frederic Rainer, analembera kalata bungwe la mpingo wa Church of England lolimbana ndi kuledzera, kudandaula kuti munthu akangolowa m'bwalo kamodzi chifukwa cha mowa, mlandu umatsata mlandu ndipo palibe womugwira dzanja. M'kalatamo anaikamo masheleni 5 kuti ntchito iyambike. Bungwelo linatuma munthu woyamba, George Nelson, amene kale anali msilikali, ku mabwalo a kummwera kwa London. Atumiki otere ankafika m'mamawa kukacheza ndi ogwidwa m'zitolokosi, ankapempha oweruza kuti awapatse ena m'manja mwawo, ankayendera mabanja awo, kuyanjanitsa mwamuna ndi mkazi pamene kunali kotheka, kuombola zipangizo za ntchito kwa apinyolo ndi kuwafunira ntchito. Mu 1907 Nyumba ya Malamulo inavomereza ntchitoyi kukhala ya boma, ndipo ambiri a atumiki aja anakhala maofesala oyamba a chimene Angelezi amachitcha probation, ndiko kuti wolakwa ayesedwe ali kwawo pansi pa womuyang'anira. Nyumba zazikulu zija za 1898 zinatsekedwa, koma ntchito imene inayamba ndi masheleni 5 ilipo mpaka lero m'maiko ambiri, ndi kwathu kuno komwe.

Zimene nkhondo inaonetsa, ndi zimene tidziwa lero

Umboni wina unadza ndi Nkhondo Yaikulu Yoyamba. Poopa kuti kuledzera kukuchedwetsa ntchito m'mafakitale a zida, boma linakhazikitsa bungwe loyang'anira malonda a mowa mu 1915. Silinaletse mowa. Linachepetsa nthawi yogulitsa, imene mu London inali maola 19 ndi theka pa tsiku, kufika pa maola 5 ndi theka; linaletsa kugulirana mowa ndi kumwa pa ngongole; mowa unachepetsedwa mphamvu ndipo msonkho unakwera. Opezeka olakwa pa kuledzera ku England ndi Wales anali oposa 180,000 mu 1914, koma mu 1918 anali pafupifupi 29,000. Wina angati n'chifukwa chakuti amuna anali kunkhondo, ndipo mbali ina n'zoona. Koma chiwerengero cha akazi, amene sanapite kunkhondo, chinatsikanso kwambiri. Phunziro la 1751 linabwerezedwa: mtengo wa mowa, nthawi yake ndi malo ake zimasintha kamwedwe ka mtundu wonse.

Vutoli silinathe ku England. Kafukufuku wa boma wa chaka ndi chaka anaonetsa m'zaka za m'ma 2010 kuti pa zochitika zachiwawa 10 zilizonse, pa 4 kapena 5 ovulazidwa ankakhulupirira kuti wowapwetekayo anali atamwa. Akatswiri amafotokoza kuti mowa umafooketsa mbali ya ubongo imene imamuletsa munthu ndi kumukumbutsa za mawa, kotero kuti woledzera amangoona chimene chili pamaso pake: mawu amodzi onyoza amamukulira, ndipo ndende ndi ana ake zimamuchokera m'maganizo. Koma mowa sulenga ndewu pamene panalibe mbewu yake, pakuti omwa ambiri samenya munthu. Mu 1969 Craig MacAndrew ndi Robert Edgerton, atayerekeza mitundu yambiri ya anthu, anaonetsa kuti khalidwe la munthu akaledzera limatsata zimene anthu akwawo amalola woledzera kuchita. Kumene anthu amati "musiyeni, ndi mowa," woledzera amaphunzira kuti ali ndi chilolezo.

Mabwalo a ku England tsopano amaphatikiza chilango ndi chithandizo. Lamulo la 2003 linalola woweruza kulamula kuti wolakwa amene ali kapolo wa mowa alandire chithandizo cha achipatala ali kunja kwa ndende, koma pokhapokha mwiniwakeyo atavomera. Kuyambira 2020 ku Wales ndi 2021 ku England, ena amavekedwa kachipangizo pamwendo kamene kamayeza mowa m'thukuta mphindi 30 zilizonse. Chiletso chotere cha bwalo sichiperekedwa kwa amene thupi lawo linazolowereratu mowa, chifukwa munthu wotere akaleka mwadzidzidzi popanda dokotala angathe kunjenjemera, kukomoka, ngakhale kufa kumene.

Gawo la mphunzitsi

Makolo athu anali ndi mowa wawo, wa dima, wa ukwati ndi wa maliro. Unali ndi nyengo yake, unkatenga masiku kuti upse, ndipo unkamwedwa pamaso pa akulu, ana ali patali. Mowa waukali wogula ndi ndalama ulibe nyengo ndipo ulibe mkulu. Pamene timapaketi ta mowa waukali tinafala m'misika yathu, totchipa kotero kuti mwana wa sukulu ankatha kugula ndi ndalama ya mandasi, tinaona ndi maso athu zimene London anaona m'masiku a jini. Zambia inaletsa timapaketito, totchedwa tujilijili, mu 2012, ndipo Malawi anatsatira patapita zaka zochepa. Mbiri imene tawerengayi itichenjeza kuti chiletso chimagwira ntchito pokhapo pamene chili chotheka kuchisunga ndipo anthu akuchivomereza.

Inu simudzakhala oweruza kapena aphungu, koma mudzakhala oyamba kuona zipatso za mowa, pakuti zimafika m'kalasi m'mawa uliwonse. Mwana wosinza chifukwa anagona kuthengo pothawa ndewu, mwana wodzidzimuka mukakweza dzanja kuti mulembe pabolodi, mwana wojomba Lolemba lililonse, ameneyo asalandire chikwapu musanamufunse pambali. Musatchule za atate ake pamaso pa anzake. Mukaona zipsera kapena mukamva kuti amayi ake ali pangozi, uzani mphunzitsi wamkulu, ndipo nkhaniyo ifike kwa a ofesi yosamalira anthu kapena ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa; kupulumutsa womenyedwa ndiko koyamba, kukonza womenyayo kumabwera pambuyo. Pophunzitsa za mowa nenani zoona zokhazokha. Angelezi anayambitsa gulu la ana la Band of Hope ku Leeds mu 1847 pozindikira kuti mmera mpoyamba. Koma mwana amene mwamuuza kuti aliyense wolawa mowa amapenga, pamene iye akuona agogo ake akumwa chipanda chimodzi nkukagona mwamtendere, sadzakhulupiriranso zina zonse zimene mudzanene.

Ndipo pamene bambo wa mwana wa m'kalasi mwanu atuluka kundende, kumbukirani wosoka nsapato wa ku Boston. Bambo wa mnyamata wanga uja analandira chilango choyenera mlandu wake, ndipo sindinganene kuti akanamusiya. Chimene chinasowa chinali munthu womuchingamira pa tsiku lotuluka: nkhoswe ya banja lake, mkulu wa mpingo, nyakwawa, kapena ine amene, woti amuperekeze kuchipatala, amufunire ganyu, ndi kumachezera pakhomopo Loweruka madzulo pamene chibaba chimakula. Ine ndinali wamng'ono ndipo ndinaganiza kuti ntchito yanga imathera pa chitseko cha kalasi. Inu mukapita ku masukulu anu, mukafunse msanga kuti m'mudzimo ndani angagwire ntchito imeneyi, ndipo mukadziwane naye mlandu usanagwe.